Magetsi abwerera koma makina a m'seva akukana kudzuka

Omvera athu a ku Nsadzo, a ku Mualadzi, kufikira inu a kumalire ku Cassacatiza, mvula yafika ndi mphenzi zake, ndipo magetsi ayamba kuthimathima. Mauthenga ochokera kwa inu osamalira makompyuta m'maofesi akudandaula chinthu chimodzi: magetsi anathima usiku, m'mawa abwerera, seva yayaka bwinobwino, koma ma virtual machine a m'kati mwake akukana kudzuka. Ena mwagamula kale kuti mphenzi yapsereza zinthu. Dikirani kaye achimwene, dikirani achemwali. Yambani mwaona laisensi.

Sindifotokoza kuti virtual machine n'chiyani. Amene ali ndi seva akudziwa.

Ambiri mumaika VMware ESXi pa seva. Mukaiika osalowetsa kiyi, imakupatsani masiku 60 oyeserera, zonse zili zotsegula. Masikuwo amayamba kuwerengedwa tsiku limene mwayatsa sevayo koyamba. Akatha, makina amene ali oyaka amapitiriza ntchito ngati palibe chachitika, ndipo apa m'pamene pagona msampha. Mumadziona ngati muli pabwino. Magetsi akangothima, batire ya UPS n'kutha, makinawo azima, ndipo ESXi sikulolaninso kuwayatsa kufikira mutalowetsa laisensi. Vuto linabadwa kale, mphenzi yangoliulula.

Kuno kwathu tonse timaudziwa feteleza wa pangongole. Mlimi wa fodya amautenga mokondwa, fodya amabiriwira, koma tsiku lobweza amalidziwa kuyambira pamene akusaina. Laisensi yoyeserera ndi feteleza wa pangongole. Nanga bwanji inu simulemba tsiku lobweza?

Apa mpamene ndikhalitsepo, chifukwa mpamene mumalakwitsa. Seva imodzi simakhala ndi tsiku limodzi lokha. ESXi ili ndi masiku ake 60. Windows Server yoyeserera imene mwaika m'kati ili ndi masiku 180, ndipo imafuna kuilumikiza pa intaneti m'masiku 10 oyamba kuti itsimikizidwe. Nthawi yake ikatha imadzizimitsa yokha pa ola lililonse, anthu ali pakati pa ntchito. SQL Server yoyeserera nayo ili ndi masiku 180 akeake. Windows 11 Enterprise yoyeserera ili ndi 90. Ngongole zinayi, masiku obweza anayi, pamakina amodzi.

Tsono tsiku lomwelo mukuika pulogalamu, tengani kope. Lembani dzina la makina, tsiku loika ndi tsiku lothera. Pepala lina limatike pa seva penipeni, chifukwa amene anaika akasamutsidwira ku Tete kapena ku Moatize, wolowa m'malo apeze poyambira. Ikani chikumbutso m'foni kutatsala mwezi wathunthu, pakuti kupempha ndalama ku ofesi sikutheka tsiku limodzi. Ngati simunalembe, pa Windows tayipani slmgr, mpata, /dlv. Ikuuzani nthawi yotsala. Chitani zimenezi lero lino.

Ndimafuna ndipitirire pa za backup, koma ndikumva wina akuti, "Inu awailesi, si tingobweza tsiku pa wotchi ya seva basi?" Musatero chonde. Mu network ya Active Directory, wotchi ya kompyuta ikasiyana ndi ya seva kupitirira mphindi 5, anthu amayamba kulephera kulowa. Masatifiketi a chitetezo amasokonekera, madeti a malipoti amakhala abodza. Wina akuti pali lamulo la slmgr /rearm. Liripodi, limawonjezera nthawi kangapo, koma lili ndi malire, ndipo pulogalamu yoyeserera inapangidwira kuyesa, osati kusungirapo malipiro a antchito chaka ndi chaka. Kusuntha tsiku lobweza sikufafaniza ngongole ya feteleza. Za makiyi akuba ndi ma crack sinditayirapo nthawi. Mukuitanira mavairasi m'nkhokwe ya ofesi yonse.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi ichi: munthu amatenga Windows Server yoyeserera n'kuisandutsa domain controller. Yoyeserera wamba mutha kuisintha kukhala yogula pogwiritsa ntchito DISM ndi kiyi yanu, osafafaniza kanthu. Koma ikakhala kale domain controller, njira imeneyo yatsekeka. Muyenera kumanga ina yalaisensi n'kusamutsira zonse kumeneko. Choncho lowetsani kiyi kaye, udindowo ubwere pambuyo. Pogula kumbukiraninso kuti laisensi ya Standard imalola ma virtual machine awiri a Windows Server, pamene Datacenter ilibe malire.

Ngati ndalama palibe, nenani zoona msanga. Broadcom itagula VMware mu 2023, inachotsa ESXi yaulere mu February 2024, kenako inaibwezanso mu 2025, choncho musamange tsogolo la ofesi pa mphatso ya kampani. M'malo mwa ESXi pali Proxmox, yochokera ku Vienna, yomwe ilibe tsiku lothera. Mumalipira pokhapokha mukafuna chithandizo chawo. Ndipo m'kati mwake mutha kuika Linux m'malo ambiri amene mwazolowera Windows.

Pulogalamu yathu ya pawailesiyi ikatha, pitani pa seva yanu mukaone masiku otsala, magetsi asanathimenso usiku uno. Mukapeza kuti atha kale koma makina akadali oyaka, musazimitse chilichonse. Tengani backup kaye, kenako funani kiyi. Tumizani mafunso anu, tidzawayankha sabata yamawa.