Monita Imodzi, Makompyuta Atatu: Tigule Chiyani?

Mwandipatsa mphindi zochepa kuti ndifotokoze za KVM switch, kachipangizo kaja kavuta pa gulu lathu la WhatsApp, tisanagwirizane zotapa ndalama m'thumba la kalabu.

Vuto lathu mukulidziwa. Mabokosi a kompyuta, aja timati ma CPU, tili nawo atatu, koma monita yamoyo ndi imodzi, kiyibodi imodzi, mausi imodzi. Ukafuna kusintha kompyuta, umagwada kuseri kwa tebulo, kuzula mawaya n'kubayanso. Pulagi yabuluu ija ya VGA ili ndi timano 15 tosachedwa kupindika. Tikapitiriza chonchi, tsiku lina sikirini idzangoti bii.

Dzina lakuti KVM likuchokera ku mawu atatu a Chingerezi: keyboard, video ndi mouse. Ndi kabokosi kakang'ono. Monita, kiyibodi ndi mausi umazilumikiza kukabokosiko, ndipo iko kamatulutsa mawaya opita ku kompyuta iliyonse. Ukadina batani, zonse zitatu zimasamukira ku kompyuta ina. Pa mitundu yambiri, monga ya kampani ya ATEN, ukhozanso kusintha pogwiritsa ntchito batani la Scroll Lock pa kiyibodi. Kompyuta imene waisiya siizima ayi, imapitiriza ntchito yake.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kuno kwa Njombwa tonse timaidziwa jeke yodindira fodya. Jeke imodzi imazungulira alimi angapo, mabelo onse n'kukafika ku Chinkhoma, koma imadinda belo limodzi pa nthawi imodzi. KVM ndi chimodzimodzi. Munthu ndi mmodzi, makompyuta ndiwo ambiri. Amene mumaganiza kuti tikagula, anthu atatu aziphunzira kutaipa nthawi imodzi, pepani, mpando ukhalabe umodzi basi. Komanso sikasamutsa mafayilo. Kalata imene walemba pa kompyuta yoyamba siipezeka pa yachiwiri.

Ndiye phindu lake n'chiyani? Kompyuta iliyonse ikhala ndi ntchito yake. Yoyamba ikhale ya mlembi ndi msungichuma: makalata, kaundula wa mamembala, ndalama. Imeneyo asabayemo flash aliyense, poti ma virus amalowera pomwepo. Yachiwiri tiikemo Kiwix, pulogalamu yaulere yowerengera Wikipedia popanda intaneti. Tikailumikiza ku rauta, a Fomu 4 okonzekera MSCE aziwerenga pa mafoni awo osagula bando. Kompyuta yotero imafuna sikirini mwa apo ndi apo, poyatsa ndi pokonza. Kuigulira monita yakeyake n'kutaya ndalama, komanso monita iliyonse yowonjezera imadya batire ya sola. Yachitatu ikhale yophunzirira.

Amene adzapite kukagula, kaya ku Kasungu boma kaya ku Lilongwe, chonde ajambuliretu kumbuyo kwa ma CPU athu. KVM ya HDMI siigwira pa kompyuta ya VGA popanda kena kosinthira. Aonenso ngati kiyibodi yathu ndi ya USB kapena ya pulagi yozungulira ija ya PS/2. Ambiri amabwera ndi malo a makompyuta 2 kapena 4, ndiye ife tikufuna ya 4. Afunse ngati mawaya ali momwemo, ndipo ayesere m'shopu momwemo asanalipire. China, ngati pulinta tidzaidutsitsa pa KVM, osasintha kompyuta pepala lisanatuluke, ntchito imadukira panjira.

Maganizo anga ndi awa: tiyambe ndi KVM kuti tipulumutse monita yomwe tili nayoyi. Msika wa fodya ukatsegulidwa, zopereka zikayamba kuyenda, tigule monita ina ndi kiyibodi yake, kompyuta yophunzirira iime payokha. Pamenepo mipando ikhala iwiri.

Amene muli ndi maganizo ena, bwalo ndi lanu.