Mutu Umodzi Susenza Denga

Ndiloleni ndikambe za nyumba ya mitengo, ija makolo athu ankamanga ndi manja awo popanda msomali ngakhale umodzi.

Ntchito inkayamba mvula ikatha. M'miyezi ya Juni ndi Julayi amayi ankamweta udzu, moto wolusa usanadutse m'tchire. Abambo ankalowa m'nkhalango ndi nkhwangwa, koma sankangodula mtengo uliwonse. Mzati ndi nsanamira zinkafuna mtengo wolimba monga muwanga, kapena tsanya kwa anzathu a kuchigwa, chifukwa chiswe sichifulumira kuudya. Luzi ankasenda ku mombo, ndipo nsungwi zinkathandiza pa denga. Mitengo ya kumanda sankaikhudza konse.

Tsiku lomanga likafika, ankakhoma chikhomo pakati, n'kuzunguliza chingwe kuti nyumba ikhale yozungulira bwino. Ankakumba maenje, kuzika nsichi, n'kuzimanga ndi timitengo topingasa mkati ndi kunja. Luzi ankayamba aliviika m'madzi kuti lifewe, pakuti likauma limagwira kolimba. Wofolera ankayambira m'munsi kukwera kumwamba, udzu wapamwamba n'kumaphimba wapansi, kuti madzi atsetsereke. Khonde silinali lokongoletsa chabe: linkateteza khoma la dothi ku mvula. Pomaliza, amayi ankatunga madzi, khoma n'kuphomedwa, pansi n'kuziridwa bwino.

Palibe munthu akanatha zonsezi yekha. Denga la nkhokwe kapena la kanyumba kakang'ono ankalimangira pansi, kenaka anthu angapo n'kulinyamula pamodzi. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga umanena zimene maso ankaona. Mwini nyumba ankakonza thobwa, abale ndi anansi n'kubwera, podziwa kuti mawa iyenso adzawathandiza. Mkamwini watsopano ankadziwika khama lake pa nyumba imene wamangira mkazi wake kwa apongozi. Mwana wopatsira luzi lero ndiye ankadzakhala mmisiri wa mawa. Sukulu yake inali yomweyo.

Lero sukulu imeneyi ikutsekeka, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti mitengo ikutha. Mapiri amene anali ndi mombo ndi muwanga ayera chifukwa cha makala, nkhuni zowotchera njerwa ndi zigafa za fodya. Ngakhale mkungudza wa ku Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Mtengo ukasowa, dzina lake limaiwalika. Dzina likaiwalika, luso nalo limapita. Ophunzira ambiri a ku sekondale amatha kujambula denga m'kope, koma sadziwa kusiyanitsa phaso ndi nsichi.

Sindikunena kuti tigwetse nyumba za malata. Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba chikupita kwa inu mafumu. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo. Patulani malo, tetezani zitsa kuti ziphukire, ndipo nyengo yodzala mitengo ikafika, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, tisadzale bulugamu yekha. Muwanga umakula pang'onopang'ono, kotero woudzala amadzalira adzukulu, monga momwe ife tidapezera mitengo imene sitidadzale.

Chachiwiri chikupita kwa inu makolo. Chaka chino mukamamanga khitchini, khola kapena nkhokwe, musangoitana waganyu. Itanani ana anu, adzukulu ndi ana a alongo anu. Agwire nkhwangwa ndi kasemasema, amve kulemera kwa phaso, aphunzire mfundo ya luzi kwa agogo awo akadali moyo. Inu achinyamata, funsani ndi kulemba mayina a mitengo ndi a ziwalo za nyumba monga akutchulira akuluakulu a m'mudzi mwanu.