Mowa ndi Fodya Pakati pa Ozimitsa Moto

Nkhani yathu usiku uno ichokera ku Wynberg, dera la mzinda wa Cape Town, mzinda umene abale athu ambiri anapitako kukafuna ntchito. Ku Wynberg kuli nyumba ya ozimitsa moto. Tifunse tsono: nchifukwa ninji ena mwa anthu olimba mtima chotere amakodwa ndi mowa ndi fodya?

Choyamba ndicho zimene maso awo amaona. M'mwezi wa March 2015 moto unabuka ku Muizenberg, nuyaka masiku angapo m'mapiri mpaka ku Tokai. Mu April 2021 moto wina unatsika phiri la Devil's Peak, nutentha nyumba ya mabuku ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town. Koma zowawa koposa zili m'zisakasa za malata ndi pa ngozi za galimoto, pamene wozimitsa moto amanyamula mtembo wa mwana ndi manja ake. Akafika kwawo tulo timamuthawa. Mowa umamugonetsa msanga, koma tulo take sitikhalitsa, ndipo mawa lake afuna mabotolo awiri m'malo mwa limodzi.

Chachiwiri ndicho kudikira. Ozimitsa moto a mzindawu amakhala pa ntchito maola 24, usana ndi usiku, mtima uli m'mwamba, osadziwa nthawi imene belu lidzalira. Ndudu imatonthoza mtima kwa kanthawi, koma mphamvu yake ikatha nkhawa imabwerera.

Chachitatu ndicho gulu. Anthu amene apulumutsana pa moto amasanduka abale, ndipo mnyamata watsopano amaopa kuti akakana botolo wakana chibale. Ndiponso anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Chotero zimene sangathe kunena amazimeza pamodzi ndi mowa.

Mtengo wake ndi waukulu. Mu 2022 akatswiri a bungwe la World Health Organization anagamula kuti ntchito ya ozimitsa moto imayambitsa khansa. Wosuta fodya aonjezera utsi pa utsi. Ku America, mu 2007, anapeza kuti mwa ozimitsa moto 100 ofera pa ntchito, 45 anafa ndi nthenda ya mtima.

Mankhwala ali m'gulu lomwelo. Kapitawo akakhazika anthu ake pansi pambuyo pa tsoka, nayamba iye mwini kunena zimene zamusautsa, anyamata amamasuka. Inunso amayi ndi abambo amene muli ndi mwana kapena mwamuna pa ntchito imeneyi, mukaona kuti sagona, akupsa mtima msanga, ndipo akumwa yekha, musamnyoze. Mfunseni modekha, nimumperekeze kwa dokotala. Mutu umodzi susenza denga.