Ndevu za atsikana ndi ululu wa kasingano

Loweruka lapitali kalabu yathu inalandira achemwali athu a konkuno ku Mlowe, amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Amene munajomba, nazi zimene anatiuza.

Monire mose! Ndiyankhula Chichewa kuti owerenga pa Facebook amve nawo.

Ine ndevu zinayamba kundimera pachibwano ndili Fomu 2. Anyamata ankanditchula kuti "abambo". Ndinameta ndi lezala, ndinazula ndi zala, koma zimene ndinapindula ndi timatuza ndi mabanga akuda. Ku Joni ndi kumene ndinakapeza njira yotchedwa electrolysis.

Amatenga kasingano kowonda ngati tsitsi, n'kukalowetsa m'kabowo kamene tsitsi limatulukira, kenako amadutsitsamo magetsi pang'ono kuti muzu ufe. Amatero tsitsi limodzilimodzi, ndipo umabwererako kwa miyezi yambiri chifukwa tsitsi silimera lonse nthawi imodzi. Anayambitsa njirayi ndi Charles Michel, dokotala wa maso wa ku St. Louis ku America, mu 1875, pofuna kuchotsa tsitsi la m'zikope lopindikira mkati n'kumakanda diso.

Kodi zimapweteka? Ee, sindikunamizani. Zili ngati kulumidwa ndi linthumbu, kamodzi pa tsitsi lililonse. Pachibwano ndinkapirira, koma pamwamba pa mlomo, pafupi ndi mphuno, misozi inkangotuluka yokha.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi mafuta ochititsa dzanzi okhala ndi lidocaine. Umapaka patangotsala ola limodzi, n'kuphimbapo ndi kapulasitiki. Koma funsani kaye ku famase, ndipo musapake pabala kapena pamalo aakulu. Ndinkamwanso Panado ndisananyamuke, osapitirira muyezo. Tsiku limenelo ndinkasiya khofi, n'kumwa madzi ambiri. Ndikayandikira kumwezi ndinkasintha tsiku, chifukwa masiku amenewo khungu limamva ululu msanga. Ndili pabedi paja ndinkapuma mozama, nyimbo zili m'makutu. Tikamaliza ndinkaikapo kansalu konyowa ndi madzi ozizira, osakanda, osakhala padzuwa.

Tsopano mverani apa, azing'ono anga. Ulendo woyamba ndinangokhala chete, mano gwaa, poti kwathu kuno tinaphunzitsidwa kuti mkazi salira. Magetsi anali atachuluka, ndinapsa, ndipo chipsera chake ndi ichi mukuchionachi. Khungu lathu lakudali silichedwa kuchita mabanga. Ukamva kuwotcha kopyola, nena. Wogwira makina akhoza kuchepetsa mphamvu, kupumira, kapena kufupikitsa nthawi kukhala mphindi 15. Ndalama ndi zako, nkhope ndi yako.

Onetsetsaninso kuti kasingano akutsegula mpepala katsopano inu mukuona, kuopa HIV ndi matenda a chiwindi. Munthu akadzabwera kuno ndi kamakina kogula pa intaneti, alibe maphunziro, thawani.

Chomaliza. Ngati ndevu zikubwera pamodzi ndi ziphuphu komanso kusamba modumphadumpha, yambani mwaonana ndi adokotala, kaya pachipatala cha boma ku Rumphi kaya ku Mzuzu Central. Nthawi zambiri amakhala mahomoni, si ufiti ayi. Ndipo wofuna kuzisunga azisunge, palibe mlandu.

Inu anyamata mwakhala kumbuyoko, mnzanu amene mumamuseka uja amakalira kunyumba. Lekani.