Kusankha Oweruza pa Mpikisano wa Zolemba za Ana

Mau amene anakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Matero, Lusaka

Ine ndine mwana pakati panu, koma mundilole ndinene cimene ndinaona ndi maso anga.

Caka catha sukulu zingapo za ku Kanyama, Chawama ndi Matero zinacititsa mpikisano wa kulemba nkhani m'Cinyanja. Woweruza anali mmodzi yekha, munthu wolemekezeka ndithu, amene tinamuitana cifukwa ca udindo wace. Mtsikana wina wa m'kalasi langa analemba za usiku umene madzi a mvula analowa m'nyumba yao ku Kanyama, ndi momwe amai ace anakwezera thumba la ufa pamwamba pa tebulo, iwo naimirira m'madzi kufikira mbandakuca. Pepala lace linabwera lofiira ndi inki, popeza analemba "manje" m'malo mwa "tsopano", ndi "nifuna" m'malo mwa "ndifuna". Mphotho inapita kwa mwana amene nkhani yace, monga tinadziwa pambuyo pace, anaikopera m'buku. Kucokera tsiku lija mtsikanayo salemba koposa mizere itatu. Colakwa cinali cathu ife osankha.

Cifukwa cace ndipempha kuti tiyang'ane zinthu zitatu mwa woweruza.

Coyamba, akhale wodziwa Cinyanja ca m'mabuku ndi cimenenso ana alankhula kwao. M'makomboni a Lusaka Cinyanja casakanizika ndi Cinsenga, Cibemba ndi Cingerezi. Ndipo inu a kumidzi muli ndi ana a Cinsenga ku Petauke ndi a Citumbuka ku Lundazi. Adziwenso kuti kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro unabvomereza mu 1977 kalemba "cinthu", pamene ku Malawi alemba "chinthu", kuti angalange mwana pa cimene mphunzitsi anamphunzitsa bwino.

Caciwiri, akhale munthu amene anaphunzitsapo ana a msinkhu umenewo, wokhoza kuzindikira dzanja la mwana ndi dzanja la wamkuru.

Cacitatu, asakhale ndi mbale kapena sukulu yace pa mpikisanowo. Oweruza akhale atatu. Maina a ana abisike, pa pepala pakhale nambala yokha. Ndipo ana alembere m'kalasi pamaso pa mphunzitsi wa sukulu yina. Pa mamaliki 10 ine ndikadapatsa 5 ku nkhani yeniyeniyo, 3 ku dongosolo lace, ndi 2 ku kalembedwe ka mau.

Tikumbukire Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma. Buku lace, Nthondo, linapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, linasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analiturutsa m'Cingerezi. Oweruza aja anaona moyo wa munthu wa kumudzi m'nkhaniyo, naupatsa ulemu.

Kuongola mau ndiyo nchito yathu ya tsiku ndi tsiku m'kalasi, ndipo sitiisiya ai. Koma pa tsiku la mpikisano tifuna munthu amene ayamba wamva cimene mwana anena. Caka cino mtsikana uja ndamlembetsanso dzina. Ndipempha komiti yathu imsankhire oweruza otere.