Ojambula athu amene Lolemba amabwerera ku ntchito zina

Ndapempha kanthawi kuti ndinenepo za anthu amene saoneka m'zithunzi za mwambo uno, poti ndiwo amazijambula.

Tayang'anani m'mbali mwa bwaloli. Uyo wagwada m'fumbi ndi kamerayo, Lolemba mudzamupeza atagwira choko m'kalasi. Wina ndi namwino amene wasinthana tsiku ndi mnzake kuti abwere kuno, wina ndi kalipentala, wina amapalasa kabaza. Palibe amene amadyera kamera. Kunena zoona, kamera ndiyo imawadyera.

Zimenezi sizinayambe lero. Mungo Murray Chisuse, mmodzi mwa Amalawi oyamba kujambula zithunzi, ntchito yake inali yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre. Iyeyu ndiye anajambula John Chilembwe ndi banja lake, nkhondo ya 1915 isanachitike. Munthu wa inki ndi mapepala anatisungira nkhope imene timaikumbukira pa 15 Januwale chaka ndi chaka.

Ife a imvi tikukumbukira masiku a filimu. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndipo wojambula ankaganiza kawiri asanadine. Akatha ankadikira malipiro a pa mwezi, kenaka n'kukwera basi kukatsukitsa ku tauni. Mwina ankabwerako ndi zithunzi zakuda bii, ndalama zitapita, eni ake akudikira pakhomo. Koma chaka chotsatira mumamuonanso pabwalo, kamera ili m'khosi.

Wojambula wolembedwa ganyu amafika m'mawa, n'kujambula zokongola, madzulo wapita. Wathuyu ndi mwana wa m'mudzi. Amadziwa woyimba ng'oma kuti ndi mdzukulu wa yani, amadziwa poyima ndi posayenera kuloza kamera, ndipo za kudambwe amazisiya kudambwe. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku imamutsatanso m'maso. Ndaonapo zithunzi za namwino zodzaza ndi manja a agogo owomba m'manja, ndi za mmisiri wa matabwa amene, ena onse ali kalikiliki ndi ovina, iye anajambula kasemedwe ka ng'oma.

Tsono chondiwawa n'chakuti zithunzizi zikutha. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, koma sinalowe m'nyumba zathu kudzatsekula masutikesi. Malemu malume anga, amene anali telala, anasiya katoni ya zithunzi za miyambo ya kwathu. Pamene ndinkaitsegula, chiswe chinali chitadya theka. Zotsalazo zilibe dzina ngakhale chaka kumbuyo kwake, ndipo mayi mmodzi yekha amene akanatiuza mayina a anthuwo tinamuika m'manda ndisanapite kukamufunsa. Mlandu umenewo ndi wanga. Lero zithunzi zili m'mafoni, ndipo foni ikabedwa kapena ikagwera m'madzi, zaka zisanu za mwambo zimapita nayo.

Pempho langa kwa inu ojambula ndi ili. Sabata ino isanathe, sankhani zithunzi khumi, muzitsukitse, mulembe kumbuyo ndi pensulo dzina la munthu, mudzi, mfumu yake ndi chaka. Mulembenso dzina lanu ndi ntchito imene mumagwira. Bungwe lathu lisunge zina, zina tikapereke kosungira mbiri ya dziko ku Zomba. Ndipo inu a komiti, pogawa nsima masana ano, musawaiwale aja agwada m'fumbi.