KUSANKHA MALO OGULA NYUMBA M'TAUNI

Iyi ndi nkhani imene inakambidwa kwa aphunzitsi ndi anthu a ku midzi. Yalembedwa muno kuti iwo amene sanaimve aiwerenge okha.

Mafumu, aphunzitsi, amai ndi abambo, nkhani ya mwezi uno ndi ya munthu wa ku mudzi amene afuna kugula nyumba kapena poloti m'tauni kuti akhalepo ndi banja lache.

Masiku ano anthu otere achuluka. Wina ndi mphunzitsi amene wakhala m'nyumba ya sukulu zaka zambiri, ndipo tsopano wapuma nchito, walandira ndalama zache, nafunika kutuluka m'nyumbamo. Wina ndi mlimi amene wagulitsa bwino fodya kapena soya. Wina ndi mai amene mwana wache ali ku Joni, natumiza ndalama kuti amgulire malo. Ndalama za anthu onsewa ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo zikatayika sizidzabweranso. Chifukwa chache nkhani iyi iyenera kumvedwa bwino.

Pa kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe munali anthu 989,318, mu Blantyre 800,264, mu Mzuzu 221,272, ndipo mu Zomba 105,013. Lilongwe anakula msanga chotere kuyambira chaka cha 1975, pamene likulu la Boma linasamukira kumeneko kuchoka ku Zomba. Anthu ofuna malo ali kuchulukabe, koma nthaka siikula ai. Kotero mitengo ikwera, ndipo pamene pali ogula ambiri ofulumira, pomweponso pasonkhana anthu onyenga.

MITUNDU YA MALO

Choyamba munthu adziwe kuti malo a m'tauni sali amodzimodzi. Alipo malo a ku mayadi, monga Area 10 ndi Area 43 ku Lilongwe, kapena Namiwawa ndi Nyambadwe ku Blantyre. Kumeneko mapoloti ndi akuluakulu, ndipo mtengo wache munthu wamba sangaukhoze. Alipo malo a pakati, monga Area 18 ku Lilongwe ndi Nkolokosa ku Blantyre, kumene nyumba zambiri zinamangidwa ndi bungwe la Malawi Housing Corporation limene linakhazikitsidwa mu 1964. Aliponso malo amene anayezedwa ndi kudulidwa mapoloti kuti anthu amange okha monga mwa mphamvu zao. Otere ndiwo Kawale, Chilinde ndi Area 25. Potsiriza alipo malo amene anthu anangokhalapo osayezedwa, monga Mtandire, Mgona ndi Chinsapo, kapena Mbayani ku Blantyre.

M'malo osayezedwa mukhala anthu abwino ndi akhama monga kwina kulikonse, ndipo nyumba za kumeneko ndi zotsika mtengo. Koma wogula adziwe kuti nthawi zambiri njira ndi zopapatiza kotero kuti galimoto yonyamula wodwala siingafike pakhomo, ngalande ndi zochepa, ndipo makalata a malo avuta kupeza. Munthu wa ndalama zochepa amene ali ndi ana achita bwino kuyamba kufunafuna m'malo oyezedwa, ngakhale poloti likhale laling'ono.

MTENGO WOBISIKA

Anthu ambiri ayang'ana mtengo wa nyumba wokha, naiwala ndalama zimene malowo adzawadyera mwezi ndi mwezi. Chitsanzo ndi ichi. Munthu wagula poloti lotsika mtengo kunja kwa mzinda, ndipo minibasi yopita kumene agwira nchito kapena kumene achita malonda ilipiritsa K1,500 ulendo umodzi. Kupita ndi kubwera ndi K3,000 pa tsiku. Pa masiku 22 a nchito ndi K66,000 pa mwezi, ndipo pa chaka ndi K792,000. Ngati mwana wa ku sekondale akweranso minibasi yomweyo, ndalamazo zikhala pafupifupi kuwirikiza. Pakutha zaka zisanu munthuyo adzakhala atapereka kwa eni minibasi ndalama zoposa zimene anapulumutsa pogula kutali.

Tsono wogula atenge pensulo ndi pepala, nalembe zonse: za ulendo, za madzi ogula pa ndowa, za kukokera magetsi a ESCOM ngati mapolo ali kutali, ndi msonkho wa ku khonsolo. Akatero adzaona mtengo weniweni wa malowo. Amene agwira nchito ku Kanengo apindula kukhala cha ku Area 25, ndipo amene achita malonda mu msika waukulu wa Lilongwe apindula kukhala cha ku Kawale kapena Biwi.

MADZI A MVULA

Malo asagulidwe poyang'ana m'chilimwe mokha. Mwezi wa September dambo lioneka ngati mtunda, ndipo khwawa louma lioneka ngati njira. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthawi yabwino yoonera malo ndi January kapena February, mvula itangogwa.

Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira, nugwetsa nyumba ku Mtandire. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ku Blantyre usiku, nizikwirira nyumba za ku Chilobwe pamodzi ndi anthu ali m'tulo. M'dziko lonse akufa ndi osowa anaposa 1,000. Ambiri mwa iwo amene anamanga m'mbali mwa phiri ndi m'mphepete mwa mitsinje anatero chifukwa malo ache anali otsika mtengo. Chifukwa chache malo a m'mphepete mwa mtsinje, a m'khwawa ndi a pa phiri lotsetsereka akanidwe, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo chotani.

Zizindikiro zache sizivuta kuona. Wogula ayang'ane m'munsi mwa zipupa ngati muli mzere wa matope kapena chinyontho. Aone ngati chipupa chili ndi ming'alu yochokera pa maziko. Dothi lakuda la makande, limene ling'ambika m'chilimwe, lifuna maziko a ndalama zambiri. Ndipo ngati nyumba yokha ndiyo yapakidwa laimu watsopano pamene zina zonse nzakale, munthu afunse chimene chabisidwa.

MADZI AKUMWA NDI CHIMBUDZI

Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayi. Kolera ifala kwambiri kumene anthu athithikana, namwa madzi a m'zitsime zoyandikana ndi zimbudzi. A zaumoyo aphunzitsa kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndipo chikhale kumunsi kwache. Pa poloti laling'ono la m'tauni ichi sichitheka kawirikawiri, pakuti chimbudzi cha mnansi chili kuseri kwa mpanda. Kotero wogula afunse ngati paipi ya a Water Board idutsa pafupi, ngati madzi atuluka tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti mpopi wogulitsa madzi uli pa mtunda wotani. Funso ili lifunsidwe kwa amai a pamalopo, pakuti ndiwo adzuka m'mamawa ndi ndowa.

ANA

Malo abwino a banja adziwika ndi moyo wa ana. Kuyambira 1994 sukulu za pulaimale za Boma nzaulere, koma si zonse zili pafupi, ndipo zina za m'tauni zili ndi ana ochuluka kotero kuti ena aphunzira pansi pa mtengo. Wogula ayende yekha ndi miyendo kuchokera pa malowo kufikira pa sukulu, monga adzayendera mwana wa Sitandade 1. Aone ngati mwanayo adzaoloka mtsinje wopanda ulalo kapena mseu waukulu wa magalimoto. Akafika alonjere mphunzitsi wamkulu, nafunse za kuchuluka kwa ana m'kalasi. Achite chimodzimodzi ndi chipatala. Ku Lilongwe zilipo zipatala zazing'ono ku Kawale, Area 18 ndi Area 25, ndipo zazikulu ndizo Bwaila ndi Kamuzu Central. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, kapena mai akayamba kudwala pakati, mtunda umene unaoneka waufupi masana utalika.

Ndi bwino kuona malo katatu: m'mawa, madzulo kuli mdima, ndiponso Loweruka la kumapeto kwa mwezi anthu atalandira malipiro. Pamenepo padziwika ngati nyumba yoyandikana nayo ndi shabini yoimba nyimbo usiku wonse, ndiponso ngati anthu ayenda momasuka kutada. Wogula acheze ndi anansi, afunse za akuba, za m'mene athandizirana pa maliro, ndi za kumene kuli tchalitchi kapena mzikiti wache. Safunsa anadya phula.

MAKALATA A MALO

Apa ndipo ambiri agwa. M'tauni muli madobadoba amene aonetsa poloti la mwini wache ngati lao, ndipo poloti limodzi litha kugulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu. Mau ao ndi amodzimodzi masiku onse, akuti wina ali kubwera mawa ndi ndalama, ndipo wofuna apereke lero. Munthu akamva mau otere agwire thumba lache.

Malo a lizi ali ndi kalata yache, ndipo lizi ya nyumba nthawi zambiri ndi ya zaka 99. Wogula asakhutire ndi kuona pepala m'manja mwa wogulitsa. Atenge nambala ya poloti, napite nayo ku ofesi ya Unduna wa za Malo, imene ili ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, kapena ku khonsolo ya mzinda, kapena ku Malawi Housing Corporation, monga mwa mwini nthakayo. Kumeneko adzamuuza dzina lolembedwa m'buku, ndiponso ngati nyumbayo inaikidwa chikole ku banki. Dzina la m'buku lifanane ndi dzina la pa chitupa cha unzika cha wogulitsa. Afunsenso ngati pali ngongole ya msonkho wa khonsolo, ya lendi ya nthaka, ya madzi kapena ya magetsi, pakuti ngongole zotere zidzavutitsa wokhalamo watsopano. Aone ndi maso mabikoni a m'malire, anansi ali pomwepo. Malo a m'mbali mwa mseu wa Boma ndi a pansi pa nthambo zazikulu za magetsi saloledwa kumangapo, ndipo nyumba zomangidwa pamenepo zitha kugwetsedwa.

Ngati nyumba ndi ya munthu womwalira, pafunika kusamala koposa. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 liteteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Mbale amene alibe kalata ya ku bwalo la milandu yomlola kuyang'anira chumacho sangagulitse nyumbayo. Wogula kwa munthu wotere wagula mlandu.

Kunja kwa malire a mzinda kuli malo a mafumu amene ali kudulidwa mapoloti. Anthu a ku midzi adziwa okha kuti mfumu isunga nthaka m'malo mwa anthu ache, ndipo munda uli ndi mbumba yache. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 linaika makomiti a za malo, amene wapampando wache ndi gulupu, ndipo amai akhalamo. Munthu wofuna malo otere ayambe wafunsa ku ofesi ya Bwana D.C. za chimene lamulo lilola, asanapereke kanthu kwa wina aliyense.

Ndalama ziperekedwe kudzera ku banki kuti pakhale umboni. Pangano lilembedwe, mboni za mbali zonse zisaine, ndipo dzina lisinthidwe m'buku msanga. Kulipira loya kuoneka ngati kutaya ndalama, koma ndi pang'ono poyerekeza ndi kutaya nyumba.

KUMANGA NDI KUSUNGA

Amene wagula poloti lopanda nyumba asathere ndalama zonse pa nthaka. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti. Nthawi zonse ziwiri simenti ndi malata zinakwera mtengo. Nyumba zambiri zaima pa mawindo zaka ndi zaka chifukwa eni ache anayamba zazikulu. Ndi nzeru kumanga zipinda ziwiri ndi chimbudzi chabwino, kulowamo, ndi kuonjezera pang'onopang'ono monga mwa pulani yovomerezedwa ndi khonsolo. Ndalama za katapila zisalowe pa nyumba ai.

Mwamuna ndi mkazi wache apite limodzi kukaona malo, ndipo agwirizane za dzina lolembedwa pa kalata. Pambuyo pache alembe wilo, kuti tsiku la maliro ana asathamangitsidwe m'nyumba imene makolo ao anaivutikira.

Potsiriza, si munthu aliyense ayenera kugula mu mzinda waukulu. Pa maboma ndi pa malo a malonda monga Mponela, Dedza, Balaka ndi Liwonde pali sukulu, chipatala, msika ndi magetsi, ndipo kawirikawiri malo ache ndi otsikirapo mtengo. Ndiponso munthu asataye munda wa kwao chifukwa cha nyumba ya m'tauni, pakuti m'tauni ufa ndi wogula, nkhuni nzogula, ngakhale ndiwo za masamba nzogula.

Aphunzitsi ali kupemphedwa kuwerengera nkhani iyi anthu amene sadziwa kuwerenga, makamaka iwo amene ali pafupi kupuma nchito ndi amene alandira ndalama kuchokera kwa ana ao a kunja. Amene ali ndi mafunso apite nao ku ofesi ya za malo ya pa Boma la kwao.